Nkhosa yonenepa ndiyo imayamba kufa

Mvula yoyamba ikangogwa ku Ngabu, Bangula kapena Nchalo, dziko limene linali fumbi lokhalokha mu Okotobala limabiriwira m'masiku owerengeka. Ziweto zimene zinkangobudula zitsotso za mapira zimathamangira msipu wanthete, ndipo mwini khola mtima umakhala pansi. Koma masabata omwewo ndi amene m'makola ena mumachitika zozunguza mutu. Nkhosa imene inalowa madzulo ikudumphadumpha imapezeka m'mawa itauma gwa, mutu utapindikira kumsana, thovu lili kukamwa. Ndipo sikhala yowonda ayi. Kawirikawiri imakhala yonenepa kuposa zonse, imene mwiniwake anali ataiwerengera kale mtengo.

Zikatere mudzi susowa mayankho. Ena amati yalumidwa ndi njoka, ena amati yadya tsamba lakupha, enanso amayamba kuyang'ana khomo la mnansi ndi diso lofiira. Njoka zilikodi kuchigwa cha Shire, masamba akupha alikonso. Koma dokotala wa ziweto akamva za nkhosa yonenepa imene yafa mwadzidzidzi chakudya chitangosintha, amayamba wakayikira mabakiteriya amene akhala m'matumbo a nkhosayo chibadwire, ndi poizoni amene iwo amatulutsa mpata ukapezeka.

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje nkhani za ziweto zimakonda kukhala za ng'ombe, makamaka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amene akabuka boma limatseka misika ndi kuletsa kuyendetsa ziweto. Nkhosa n'zochepa poyerekeza ndi mbuzi, ndipo matenda a poizoni satseketsa msika, samveka pa wailesi. Amangotola imodzi lero, ina mwezi wamawa. Koma kwa banja la nkhosa zisanu, imodzi imeneyo ndiyo inali chimanga cha mu Febuluwale.

Mdani wogona m'matumbo

Ambiri mwa matendawa gwero lake ndi mabakiteriya a banja la Clostridium. Amapezeka m'dothi, m'ndowe ndi m'matumbo a nyama zathanzi, kulikonse kumene anthu amaweta. Amakula pamene pasowa mpweya wa okosijeni, monga m'kati mwa matumbo, m'bala lakuya kapena m'nyama yowola. Zinthu zikawavuta amadzikulunga n'kusanduka timbewu tolimba timene sitiopa dzuwa la m'chigwa ngakhale madzi osefukira, ndipo timatha kudikira m'nthaka zaka zambirimbiri.

Amene amapha nkhosa zonenepa ndi Clostridium perfringens wa mtundu wa D. Akakhala ochepa m'matumbo savuta. Chimene chimawadzutsa ndi kusintha kwa chakudya. Nkhosa ndi nyama yobzikula: chimene yadya chimafikira m'chifu chachikulu, mmene tizilombo tothandiza timachigaya. Tizilomboti timazolowera chakudya cha nthawi imeneyo, ndipo kuti tizolowere china pamafunika milungu iwiri kapena itatu. Nkhosa imene yatha miyezi ikudya udzu wouma ikakhuta msipu wanthete, madeya kapena maso a mapira tsiku limodzi, chifu chimalephera ntchito, chakudya chokhuthala n'kutsetserekera m'matumbo aang'ono chisanagayidwe. Kumeneko mabakiteriya aja amachipeza, amaswana mofulumira, n'kuyamba kutulutsa poizoni wotchedwa epsilon.

Poizoniyu amatuluka ali wofooka. Amene amamunola ndi madzi ogayira chakudya a nkhosa yomweyo, makamaka trypsin wochokera m'thupi mwake, amene amadula kachidutswa kena n'kumusiya ali wakupha. Mwa poizoni onse a banja la Clostridium, epsilon amangoposedwa ndi awiri: wa kafumbata ndi wa botulism. Nkhosa yadyera, yamphamvu, yothamangitsa zinzake pa chodyera, ndiyo imameza chakudya chambiri, n'chifukwa chake ndiyo imayamba kugwa.

Munthu akayang'ana kalendala ya m'chigwa amaona kuti nthawi zoopsa zimabwera kangapo pa chaka. Pali mvula yoyamba ya Novembala ndi Disembala. Pali masika, pamene ziweto zimatayiriridwa m'minda ya mapira, mchewere ndi chimanga n'kumatola ngala zotsalira. Pali nthawi imene madzi aphwa m'madimba a m'mbali mwa Shire, msipu n'kuphuka pa matope achonde. Palinso masabata oyandikira Eid kapena Khirisimasi, pamene mlimi wofuna mtengo wabwino amathira madeya odzaza beseni kwa nkhosa imene sinawalawepo chaka chonse. Walira mvula walira matope: chimene chimanenepetsa nkhosa ndi chomwecho chimene chingaiphe.

Matendawa, amene mabuku a ziweto amawatcha enterotoxaemia kapena pulpy kidney, anazunguza alimi a nkhosa a ku Australia kwa zaka zambiri mpaka H. W. Bennetts, dokotala wa ziweto wa ku Western Australia, atasonyeza cha m'ma 1932 kuti chopha nkhosa za m'dera la Beverley chinali poizoni wopangidwa m'matumbo. Iye yemweyo anapanganso katemera wake.

Zimene zimachitika m'magazi

Mabakiteriya enieniwo amatsala m'matumbo. Chimene chimayenda ndi poizoni. Amayamba wafewetsa khoma la matumbo kuti apeze polowera, kenako magazi amamunyamula kupita naye thupi lonse. Akafika, amamatirira pa maselo amene amayala m'kati mwa mitsempha ing'onoing'ono n'kuwaboola timabowo.

Mitsempha ya magazi ili ngati ngalande za mthirira za m'minda ya nzimbe ku Nchalo: ntchito yake imatheka makoma akakhala olimba. Makoma akabooka, madzi amathawira kumene sakufunika, kumunda osafika. M'thupi la nkhosa madzi a m'magazi amatayikira m'mapapo, nkhosa n'kumapuma mobanika ndi kutulutsa thovu. Amadzaza kathumba kokuta mtima. Amalowa mu ubongo, umene ulibe kotupira chifukwa cha chigaza, ndipo apa ndi pamene pamachokera kudzandira, kuchita khungu, kukanikiza mutu pakhoma, kupalasa miyendo ili chigonere ndi kupinda khosi. Magazi otsala m'mitsempha amakhuthala chifukwa madzi awathawa, ndipo mtima umavutika kuwakankha.

Palinso chizindikiro china chimene madokotala amachidalira. Poizoniyu amachititsa chiwindi kutaya shuga yense amene chinasunga, shuga n'kukwera kwambiri m'magazi mpaka kusefukira mu mkodzo. Ndiye dokotala akapeza mkodzo m'chikhodzodzo cha nkhosa yakufa, n'kuviika kapepala koyezera shuga konga kamene amagwiritsa ntchito kuchipatala cha anthu, kusintha kwa mtundu wa kapepalako kumamuuza zambiri. Impso nazo zimawola msanga kuposa ziwalo zina, moti pakangopita maola ochepa zimaphwanyika m'manja. Kuchigwa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okotobala ndi Novembala, nyama iliyonse yakufa imawola mofulumira, choncho impso zofewa zimakhala umboni pokhapokha nyamayo ikaonedwa isanakhalitse.

Zonsezi zimatha kuchitika m'maola ochepa. Mwanawankhosa amene anayamwa m'mawa akhoza kufa dzuwa lisanapendeke. Mbuzi nazonso zimagwidwa, ngakhale kuti mwa izo matendawa amakonda kuoneka ngati kutsegula m'mimba kwamagazi kumene kumatenga masiku.

Abale ena a mabakiteriya omwewa ali ndi poizoni wawo. Mitundu ya B ndi C imatulutsa beta, amene amawoletsa khoma la matumbo a ana ankhosa a masiku ochepa, iwo n'kumatsegula m'mimba zamagazi. Chodabwitsa n'chakuti trypsin yemwe uja amene amanola epsilon, beta amamuwononga. Ana obadwa kumene alibe trypsin wokwanira, n'chifukwa chake beta amapha kwambiri makanda koma akuluakulu kawirikawiri amangowapitirira. Mtundu wa A uli ndi alpha, amene nthawi zina amaswa maselo ofiira a magazi, mwanawankhosa n'kuchita chikasu m'maso ndi m'nkhama.

Dambo, nkhono ndi chiwindi

Chilimwe chikafika pachimake, ziweto za m'chigwa zimatsikira kumadambo: ku Elephant Marsh, ku Ndindi, ndi m'mathawale a m'mbali mwa Shire ndi Ruo. Kumeneko ndi kumene msipu umapezeka chaka chonse, komanso ndi kwawo kwa tinkhono ta m'madzi timene timasunga nyongolotsi za m'chiwindi zotchedwa Fasciola gigantica. Mazira a nyongolotsizi amatuluka ndi ndowe, ana ake amakulira mwa nkhono, kenako amamatirira pa udzu. Nkhosa ikadya udzuwo, tinyongolotsi timaboola matumbo n'kukalowa m'chiwindi, mmene timayenda milungu ingapo tikukumba njira.

Nyongolotsizo pazokha zimaonditsa nkhosa ndi kuichepetsa magazi. Koma zimachitanso china choopsa. M'chiwindi cha nkhosa yathanzi mumatha kukhala timbewu ta Clostridium novyi kapena Clostridium haemolyticum tili chigonere, titalowa kalekale ndi udzu. Malinga ngati magazi akuyenda bwino n'kumabweretsa okosijeni, timbewuto sitidzuka. Njira zimene nyongolotsi zakumba zimasiya mnofu wakufa wopanda mpweya, ndipo pamenepo timbewu timaphukira.

Clostridium novyi amapha nkhosa zikuluzikulu zathanzi mwakachetechete, nthawi zambiri usiku, osaonetsa kudwala. Mitsempha ya pansi pa khungu imadzaza magazi oderako moti m'kati mwa chikopa mumaoneka mwakuda. Clostridium haemolyticum, amene amakonda ng'ombe koma sasiya nkhosa, poizoni wake amasungunula khungu la maselo ofiira. Maselo akasweka, chofiira cha m'kati mwake chimatayikira m'madzi a magazi, impso n'kuchisefera mu mkodzo. Chiweto chimakodza mkodzo wofiira modera, maso amachita chikasu, ndipo chimafa chifukwa magazi otsala sangathenso kunyamula mpweya. Apa mlimi amene amapatsa ziweto zake mankhwala a nyongolotsi za m'chiwindi pa nthawi yake amakhala wapha mbalame ziwiri: wachotsa nyongolotsi, watsekanso khomo la poizoni.

Poizoni wa m'khungu la bakiteriya

Si poizoni yense amene amachita kulavulidwa. Mabakiteriya ena, monga Escherichia coli, Salmonella ndi Mannheimia haemolytica, poizoni wawo ndi mbali ya khungu lawo lenilenilo, ndipo amamasuka iwo akamaswana kapena akamafa. Richard Pfeiffer, wasayansi wa ku Germany, ndiye anamutcha endotoxin m'zaka za m'ma 1890.

Endotoxin saboola maselo ngati epsilon. Iye amaopseza chitetezo cha thupi mpaka chimachita zopitirira muyezo. Nkhosa imatentha thupi kupitirira madigiri 39 amene ndi mlingo wake wa masiku onse, imasiya kubzikula, imapuma mofulumira. Magazi akayezedwa m'maola oyamba, maselo oyera amapezeka atachepa kwambiri, chifukwa amamatirira m'mitsempha, makamaka ya m'mapapo. Shuga amayamba wakwera kenako n'kutsikiratu. Mitsempha imalefuka, magazi amayenda mofooka, makutu ndi miyendo zimazizira. Zikafika poipa, magazi amaundana timibulu ting'onoting'ono m'thupi lonse mpaka zoundanitsira zimatha, ndiye amayamba kutuluka paliponse, n'kusiya timadontho tofiira pa mtima ndi m'matumbo. Mapapo a nkhosa amamva poizoniyu msanga moti ofufuza matenda a anthu akhala akugwiritsa ntchito nkhosa pophunzira mmene mapapo a wodwala amawonongekera magazi akalowa mabakiteriya.

M'khola, endotoxin amaonekera kwambiri mwa ana a masiku awiri kapena atatu amene sanayamwe mokwanira mkaka woyamba wachikasu uja. Mwana wotere akameza mabakiteriya a m'matope ndi ndowe, amafooka, amatuluka dovu, mimba imatupa, ndipo posakhalitsa amafa. Mwa zikuluzikulu amabwera ndi chibayo. Mannheimia amakhala m'mphuno mwa nkhosa zathanzi, koma nkhosa ikatopa, ikanyowa kapena ikapanikizidwa, amatsikira m'mapapo. Iyeyu ali ndi chida chachiwiri, leukotoxin, chimene chimapha maselo oyera a nyama zobzikula akabwera kudzamenya nkhondo.

Zotopetsa nkhosa kuchigwa n'zosasowa. Ulendo wa pa lole kukwera mapiri a Thabwa kupita ku Blantyre, ziweto zitathithikana, ndi chimodzi. China ndi madzi osefukira. Mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 nthawi ya namondwe Idai, mu Januwale 2022 nthawi ya Ana ndi mu Malichi 2023 nthawi ya Freddy, ziweto zambiri zinapita ndi madzi. Koma chiweto chopulumuka madzi sichikhala kuti chapulumuka zonse. Chimaunjikidwa ndi zinzake pa kachitunda, chimagona pa matope, chimamwa madzi oipa, chimasala kudya masiku kenako n'kukhuta msipu watsopano. Masabata otsatira chigumula ndi nthawi imene makomo onse a poizoni amatseguka pamodzi.

Bala laling'ono ndi fupa louma

Poizoni awiri amphamvu kwambiri aja, wa kafumbata ndi wa botulism, sakhudza kwenikweni magazi, amangowakwera popita ku minyewa. Kafumbata amalowera pa bala: pofula nkhosa yamphongo ndi mpeni kapena mphira, pa mchombo wa mwana wobadwira pa ndowe, pa bala la galu kapena la waya. Pakapita masiku angapo kapena milungu itatu, bala litaiwalika kale, nkhosa imayamba kuyenda mouma miyendo, nsagwada zimagwirana, ndipo phokoso lililonse limaidzidzimutsa n'kuikokera minofu. Poizoniyu amatseka uthenga umene umauza mnofu kuti umasuke.

Botulism amachita zosiyana: amatseka uthenga wouza mnofu kuti ugwire ntchito. Chiweto chimalefuka, chimagona, lilime limalendewera, sichitha kumeza. Poizoniyu amapangidwa m'zinthu zowola, ndipo chiweto chimachita kumudya. Ku South Africa matendawa anasautsa alimi a ng'ombe mpaka Arnold Theiler, amene anayambitsa malo ofufuzira a Onderstepoort mu 1908, atapeza ku Armoedsvlakte pafupi ndi Vryburg mu 1919 kuti ng'ombe zosowa mchere wa fosiforasi zimatafuna mafupa a nyama zakufa, ndipo poizoni zimamutenga m'mafupamo. Phunziro lake likugwirabe ntchito kulikonse kumene chilala chimaumitsa msipu ndiponso kumene chigumula chimasiya mitembo ya nyama m'mabusa: chakufa chichotsedwe kumene ziweto zimadya, ndipo chiweto chikayamba kutafuna mafupa ndi zitini, chikupempha mchere wonyambita.

Magazi akakana kuundana

Pali imfa imodzi yadzidzidzi imene siyenera kuyandikiridwa ndi mpeni. Nkhosa, mbuzi kapena ng'ombe ikafa mosadwala, n'kutupa msanga, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, choyamba kuganizira ndi anthrax. Bakiteriya wake, Bacillus anthracis, amaswana m'magazi momwemo, ndipo amatulutsa poizoni wa zigawo zitatu. Chimodzi chimatsegula khomo la selo, china chimadzaza minofu ndi madzi, chachitatu chimapha maselo a chitetezo ndi kugwetsa kayendedwe ka magazi. Kapamba amatupa kwambiri n'kuda.

Matendawa si achilendo m'mbali mwa Shire. Chakumapeto kwa 2018 mvuu zambiri zinafa ku Liwonde National Park, ndipo boma linatsimikiza kuti inali anthrax. Mu Disembala 2023 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti matendawa abuka m'mayiko asanu, Zambia, Zimbabwe, Malawi, Uganda ndi Kenya, ndipo ku Zambia ndi kumene anthu ambiri anadwala. Timbewu ta anthrax timakhala m'nthaka zaka makumimakumi. Madzi osefukira amatifukula n'kutiunjika m'malo otsika, ndipo chilala chikakakamiza ziweto kudya udzu mpaka kudothi, zimatimeza.

Chifukwa choletsera kusenda n'chomveka. Mabakiteriya a m'thupi losatumbulidwa amafa okha nyama ikamawola. Akakhudzana ndi mpweya ndi pamene amasanduka timbewu, ndiye malo amene magazi atayikira amakhala oopsa kwa ana ndi adzukulu. Wosenda, wonyamula chikopa ndi woduladula nyama amatenga matendawa pakhungu: chilonda chosapweteka kwenikweni, chotupa m'mbali, chakuda pakati. Chimachizika munthu akafulumira kupita kuchipatala cha ku Chikwawa, Ngabu, Nchalo, Nsanje, Muona kapena chipatala chilichonse chapafupi. Wodya nyamayo amatha kudwala m'matumbo, ndipo kumeneko imfa imakhala pafupi.

M'mwezi wa njala n'kovuta kuuza banja kuti likwirire nyama, ndipo aliyense amadziwa kuti nyama ya chiweto chofa chokha imatha kukathera pa chiwaya. Vuto n'lakuti ndi maso okha palibe amene angasiyanitse motsimikiza nkhosa yofa ndi epsilon ndi yofa ndi anthrax. Mlangizi wa ziweto amatha kutenga kadontho ka magazi kunsonga ya khutu, n'kukapaka pa galasi kuti akaone pa makina, nyama isanatumbulidwe. Ikakhala anthrax, iwotchedwe yonse kapena ikwiriridwe m'dzenje lakuya mamita awiri, pamalo okwera amene madzi safikapo.

Kuwerenga chiweto chisanagwe

Si magazi ochepa onse amene amabwera ndi poizoni. Nkhosa yowonda pang'onopang'ono, yoyera m'zikope, yotupa pansi pa chibwano, kawirikawiri ikuyamwidwa ndi nyongolotsi za m'chifu zotchedwa Haemonchus contortus, zimene 1,000 zokha zimatha kumwa mamililita 50 a magazi pa tsiku. Ku South Africa, Dr Faffa Malan ndi anzake anakonza kakhadi ka FAMACHA, ka mitundu isanu kuyambira kufiira mpaka kuyera, kamene mlimi amayerekeza ndi m'kati mwa chikope kuti adziwe nkhosa yofunika mankhwala. Chikope chomwecho chimanenanso zina: chikasu chimaloza ku maselo ofiira osweka kapena chiwindi chowonongeka, pamene kufiira kodera pamodzi ndi kutentha thupi kumaloza ku mabakiteriya m'magazi.

Matenda amene amafanana kwambiri ndi a epsilon ndi heartwater, obwera ndi nkhupakupa zamawangamawanga. Nawonso amadzaza madzi m'kathumba ka mtima, nawonso amadzandiritsa ndi kupalasitsa miyendo. Kusiyana kwake n'kwakuti heartwater amayamba ndi kutentha thupi kwambiri, ndipo akapezedwa msanga jakisoni wa oxytetracycline amachiza. N'chifukwa chake kachipangizo koyezera kutentha thupi, kotsika mtengo kuposa nkhuku, n'kofunika pakhomo la woweta aliyense. Ndipo funso loyamba nkhosa ikagwa likhale lakuti: kodi yadya chiyani chatsopano m'masiku atatu apitawa?

Jakisoni amafika mochedwa

Alimi ambiri chiweto chikadwala amathamangira kusitolo ya zaulimi kukagula jakisoni. Mankhwala opha mabakiteriya ali ndi ntchito yake: amathandiza pa chibayo, pa heartwater, pa anthrax ikapezedwa chiweto chikadali chiimire. Koma amapha bakiteriya, osati poizoni. Epsilon akamatirira kale pa mitsempha ya mu ubongo, kapena poizoni wa kafumbata akalowa kale m'minyewa, botolo lonse likhoza kutha nkhosa osadzuka. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo pa matenda awa chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimakhala mtembo.

Chimene chimagwira ntchito ndi katemera, ndipo mbiri yake inayambira pa nkhosa. Mu Meyi 1881, pa famu ya Pouilly-le-Fort ku France, Louis Pasteur anatemera gulu la nkhosa, lina n'kulisiya, kenako zonse anazibaya anthrax pamaso pa anthu. Zosatemera zinafa, zotemera zinatsala. Katemera wa anthrax amene ziweto zimalandira lero anapangidwa ndi Max Sterne ku Onderstepoort m'zaka za m'ma 1930. Wa matenda a Clostridium ambiri amatsata njira imene Gaston Ramon, dokotala wa ziweto wa ku France, anapeza m'zaka za m'ma 1920: poizoni amafooketsedwa ndi formalin kuti asaphe, koma thupi limuzindikire n'kukonzeratu zomugwira. Lero botolo limodzi limatha kuteteza ku matenda angapo nthawi imodzi, kuphatikizapo epsilon, beta, kafumbata ndi a m'chiwindi aja.

Kabayidwe kake kali ndi malamulo. Nkhosa imene sinalandirepo imabayidwa kawiri, motalikirana milungu inayi kufikira isanu ndi umodzi, kenako kamodzi chaka chilichonse. Kubaya kamodzi kokha n'kutaya ndalama. Yaikazi, imene bere lake limatenga miyezi isanu, ibayidwe kutatsala pafupifupi mwezi kuti iswe, kuti chitetezo chidzaze mu mkaka woyamba. Matumbo a mwana amalola chitetezocho kulowa m'magazi tsiku loyamba lokha, makamaka maola oyambirira, choncho mwana ayamwe msanga ndipo mchombo wake upakidwe ayodini. Mbuzi chitetezo chake sichikhalitsa, zimafuna kubwereza pafupipafupi kuposa nkhosa. Kwa mlimi wa m'chigwa, Seputembala ndi Okotobala ndiyo miyezi yabwino yotemera, mvula isanabweretse msipu.

Zina sizifuna ndalama. Msipu ukangophuka, nkhosa ziyambe zadya udzu wouma kapena mapesi m'mawa zisanatuluke, ndipo masiku oyamba zidye msipuwo maola ochepa. Madeya ayambe ndi kadzanja kamodzi, n'kumawonjezera pang'onopang'ono kwa milungu iwiri. Imodzi ikafa mokayikitsa, zotsalazo zichotsedwe pa chakudya chonona tsiku lomwelo. Mpeni wofulira uwiritsidwe, ndipo khola likhale lokwera, louma.

Botolo limodzi, mudzi wonse

Chovuta cha katemerayu kuchigwa n'chodziwika. Amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, m'dera limene ndi lotentha kuposa ena onse m'Malawi ndipo midzi yambiri ilibe magetsi. Botolo limodzi limakhala la ziweto makumi angapo ndipo likatsegulidwa liyenera kutha tsiku lomwelo, pamene banja lili ndi nkhosa zisanu ndi mbuzi khumi. Alangizi a ziweto n'ochepa, madera awo n'aakulu, ndipo labotale yaikulu ya Central Veterinary Laboratory ili kutali ku Lilongwe.

Komabe njira yake Amalawi akuidziwa kale. Katemera wa chitopa wa I-2, amene amapangidwa ku labotale yomweyo, amafika m'midzi kudzera mwa anthu ophunzitsidwa a m'mudzi momwemo, amene amayenda khomo ndi khomo pa miyezi yoikika, mwini nkhuku aliyense n'kulipira kangachepe. Nkhosa ndi mbuzi zikhoza kutsata njira yomweyo: gulu la oweta lisonkhe ndalama, ligwirizane tsiku ndi mlangizi wochokera ku Shire Valley ADD ku Ngabu kapena ku ofesi ya zaulimi ya m'dera, ziweto zisonkhane pa dibi m'mamawa, botolo libwere m'bokosi la ayezi n'kutha lisanatenthe. Mabungwe amene amagawa mbuzi ndi nkhosa kwa mabanja okhudzidwa ndi chigumula angachite bwino kupereka chiweto chotemera kale kawiri, chifukwa kusamuka ndi kusintha msipu ndi nthawi yeniyeni imene poizoni amadzuka.

Nkhaniyi ikulirakulira. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira, cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 40,000 m'Chikwawa ndi Nsanje. Madzi akafika, kudzakhala msipu wobiriwira chaka chonse, zotsalira za m'minda zochuluka, ndi alimi ambiri ofuna kunenepetsa ziweto za malonda. Kudzakhalanso madzi odekha okomera nkhono. Zonsezi ndi mwayi, ndipo zonsezi ndi zimene mabakiteriya a Clostridium amadikira.

Boma limagula katemera ndi kutumiza alangizi molingana ndi matenda amene alembedwa m'mabuku ake. Nkhosa imene yafa usiku n'kudyedwa masana silowa m'buku lililonse, ndipo ku likulu kumaoneka ngati kuchigwa nkhosa sizifa. Choncho ntchito yoyamba ili m'manja mwa mwini khola ndi nyakwawa yake: chiweto chikafa mwadzidzidzi, mlangizi amve tsiku lomwelo, mpeni usanasololedwe.